Moto wa m'labotale ya UCLA

Pa 29 Disembala 2008, Sheri Sangji, wazaka 23, ankakoka mankhwala a tert-butyllithium ndi sirinji m'labotale ya yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Mankhwalawa amayaka okha akangokhudzana ndi mpweya. Chokankhira cha sirinjiyo chinasolokamo, mankhwala n'kumutayikira, juzi yake n'kugwira moto. Sanavale khoti la m'labotale. Anamwalira patatha masiku 18.

Ofufuza a boma la California anapeza kuti Sheri sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo yunivesiteyo inalipitsidwa chindapusa cha madola oposa 31,000.

Shawa yadzidzidzi inali pafupi, koma siinagwiritsidwe ntchito. Zoyenera kuchita pa ngozi yotere munthu saphunzira pa digiri, zimafuna kuyeserera mobwerezabwereza wodziwa ataima pambali. Akuluakulu a mayunivesite asamapereke makiyi a labotale kwa wantchito watsopano asanamuphunzitse.