TISAFULUMIRE KUGULITSA GALIMOTO ZAKALE KWA OGULA ZITSULO

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhuleko pa nkhani imene yatigawa pa mpingo wathu, ndipo ndikhulupirira kuti yafikanso m'mipingo ina. Masiku ano anyamata a sikelo akuzungulira m'midzi kugula zitsulo zakutha. Anayamba ndi makasu ndi mapoto obooka, koma tsopano maso awo ali pa galimoto zakale zimene zili m'mamishoni ndi m'makomo.

Kuseri kwa nyumba ya abusa athu kuli Land Rover imene yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri. Akulu ampingo ena akuti tiigulitse pa kilo, ndalamayo tigulire malata. Iwo akuti tsabola wakale sawawa. Ine ndakana, ndipo nazi zifukwa zanga.

Choyamba ndi chuma. Kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto zimene timaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye mtengo wake unakwera koopsa. Kodi mpingo wa kumudzi umene umadalira chopereka cha chimanga ndi mtedza udzagulanso liti galimoto? Tikagulitsa iyi, ndiye kuti tatsazikana nayo galimoto mpaka kalekale.

Chachiwiri ndi kapangidwe kake. Land Rover inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, nthawi imene chitsulo chinkasowa nkhondo itangotha, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu amene sachita dzimbiri. Chimene chimadyeka ndi chesisi, ndipo wowotcherera waluso amatha kuchikonza. Peugeot 504, imene inatuluka mu 1968, inalimba m'misewu ya mu Africa kotero kuti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000. Galimoto zimenezi makaniko wa pansi pa mtengo amazidziwa ndi khutu, sipanala ali m'manja. Zamakonozi zikangoyatsa kanyali, mpaka mukazipimitse pa kompyuta m'tauni.

Anzathu kwina anazindikira kale. Ku Cuba, dziko la America litaletsa malonda ndi dzikolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anthu anasamala ma Chevrolet ndi ma Ford a m'ma 1950. Amasula okha zipangizo, ena amaikamo injini za dizilo, ndipo lero galimotozo zimanyamula alendo mumzinda wa Havana n'kumadyetsa mabanja. Ku Britain, galimoto ikapitirira zaka 40 mwini wake amatha kuilembetsa ngati ya mbiri, osalipiranso msonkho wa pamsewu. Ngakhale kwathu kuno, Ilala inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, ndipo chaifikitsa kutali chonchi ndi chisamaliro basi.

Sindikunena kuti chigoba chilichonse chingadzuke ayi. Ngati injini inang'aluka ndipo chesisi inafumbwa, musatayepo ndalama za Akhristu. Ndikudziwanso kuti masipeya ndi okwera mtengo, ndipo galimoto zakale zimamwa mafuta kwambiri pamene mafutawo amavuta kupeza. Kwa azungu kusunga galimoto zambirimbiri zakale ndi masewera a anthu olemera. Ife sitikufuna masewera. Tikufuna yonyamula odwala, maliro ndi simenti. Chimene ndikupempha n'chakuti tisanaitane wa sikelo, tiyambe taitana makaniko wokhulupirika aione n'kutiuza zoona. Paja safunsa anadya phula.

Pamene tikudikira ndalama, pali zina zosalira khobidi. Ichotseni pansi pa mtengo, muimangire kachisakasa kuti mvula isalowe. Ikwezeni pa zipika kuti matayala asaphwe. Chotsani batire. Tcherani makoswe chifukwa ndiwo amadya mawaya ndi mipando. Ana asamasewereremo, nkhuku zisamaikiremo. Sungani bwino mabuku ake, pakuti galimoto yopanda mapepala ndi yovuta kuibwezera pamsewu.

Ndikupemphanso a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Namitete kuti aganizepo. Bwanji osagwirizana ndi mipingo kuti ophunzira umakaniko azikonza galimoto zimenezi ngati phunziro? Mwana angaphunzire, mpingo ungapindule. Zosakonzeka koma za mbiri, tizipereke ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri, kumene kuli kale sitima ndi galimoto zakale, kuti adzukulu athu akaone.

Land Rover ndikunenayi ndi imene inanyamula mayi a kunyumba kwanga usiku wamvula, mtsinje utadzaza, pamene ankayembekezera mwana wathu woyamba. Lero mwanayo ali ndi ana ake. Malata tikhoza kusonkha, monga tinasonkhera njerwa. Koma galimoto ikaphwanyidwa ndi nyundo, palibe msonkhano wa akulu ampingo umene ungaibweze.

Abusa ndi ansembe, nkhaniyi muikambe ndi nkhosa zanu wa sikelo asanafike.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.