ZA M'SUKULU ZATHU: Makompyuta akaleka kumvana mwadzidzidzi

Sukulu ikachita mwayi wolandira makompyuta 10 kapena 15, mudzi wonse umakondwa. Koma limafika tsiku loti phunziro lili pakati, intaneti yangoti zii. Ana amayang'ana aphunzitsi, aphunzitsi amayang'ana ahedi, ndipo mawa lake makolo amamva kuti asonkhe ndalama zoitanira mmisiri kuchokera ku Tete. Kwa anthu a ku Angónia kapena ku Tsangano umenewo ndi ulendo wa maola ambiri, ndipo chipinda chikhoza kukhala chotseka mwezi wathunthu. Chonsecho, nthawi zambiri vuto limakhala loti mphunzitsi wodekha akhoza kulipeza yekha asanaweruke.

Chingwe cha kompyuta iliyonse chimapita ku kabokosi ka zibowo zambiri kotchedwa switch. Kuchoka pamenepo chingwe chimodzi chimapita ku router, imene imakoka intaneti, kawirikawiri kudzera pa khadi la foni la Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Router yomweyo ndiyo imagawira kompyuta iliyonse nambala yake yodziwikira.

Funso loyamba nlakuti: yaleka ndi imodzi kapena zonse? Ikakhala imodzi, kawirikawiri mlandu umakhala pa chingwe chake. Kapulasitiki kogwirira kumapeto kwa chingwe sikachedwa kuthyoka, ndiponso makoswe sasiyanitsa chingwe ndi chisononkho. Mphunzitsi abwereke chingwe cha kompyuta yoyandikana nayo, ayese.

Zikaleka zonse nthawi imodzi, palibe chifukwa chogwiragwira makompyuta. Apite ku mabokosi awiri aja akaone timagetsi take. Tikakhala tozima, mwina pulagi yasololoka, kapena chaja yake yapsa, makamaka pambuyo pa mphezi. Ngati tikuyaka, azimitse zonse, adikire mphindi imodzi, ayatse router poyamba. Ikakhazikika ayatse switch, makompyuta pomaliza. Kuseri kwa router kuli kabowo kolembedwa Reset. Kameneka akalewe ngati njoka, pakuti kamafufuta zonse zimene mmisiri anakonza, ndipo vuto limodzi limasanduka awiri.

Zikakanikabe, kompyuta ikhoza kunena yokha pamene pakupweteka. Pa Windows atsegule Command Prompt nkulemba ipconfig. Nambala yoyamba ndi 192.168 kawirikawiri imasonyeza kuti router yaigawira bwino. Koma yoyamba ndi 169.254 ndi imene kompyuta yadzipatsa yokha itafuna router nkuisowa, ndiye kuti njira yaduka m'chipinda momwemo. Pamzere wa Default Gateway pamakhala nambala ya router. Akalemba ping ndi nambala imeneyo, router nkuyankha, ndiye kuti mkati muli bwino, vuto lili kunja.

Vuto la kunja limene limachititsa manyazi kwambiri ndi kutha kwa ma megas. Makompyuta a Windows amakoka okha zinthu zatsopano osapempha munthu, ndipo 15 akamakoka pamodzi, zimene zinagulidwira mwezi zikhoza kutha m'masiku ochepa. Lina ndi la kuno kumalire kokha. Netiweki ya kwathu ikafooka, khadi likhoza kugwira ya ku Malawi, TNM kapena Airtel, monga amachitira mafoni a anthu a ku Calómuè ndi ku Zóbuè. Pamenepo intaneti imaima kapena ndalama zimatha msanga. Mankhwala ake ndi kuuza router kuti izigwira netiweki imodzi yokha, osati kudzisankhira.

Koma pali vuto lina limene lazunguza mitu ngakhale amisiri. Mwana wosesa apeza nsonga ya chingwe ili lende pansi. Poona bowo lopanda kanthu pa switch, ailowetsa, kuti m'chipinda mukhale mwaudongo. Iye sakudziwa kuti nsonga inayo ya chingwe chomwecho ili kale m'kabokosi komweko. Tsopano uthenga ukatuluka pa bowo lina ukubwerera pa linzake, nkutulukanso, kuzungulira kosalekeza mpaka njira yonse itadzaza, osatsala mpata wa uthenga weniweni. Ma switch odula amadziteteza okha ku zimenezi, koma otsika mtengo ambiri satero. Chizindikiro chake sichisowa: timagetsi tonse timaphethira mofulumira nthawi imodzi, ngakhale palibe amene akugwira kompyuta. Kuzimitsa ndi kuyatsa sikuthandiza, pakuti pakangopita kanthawi zimayambiranso.

Apa mphunzitsi azule zingwe chimodzichimodzi, akuyang'ana timagetsi. Akazula chija cholakwika, zonse zimakhala bata pomwepo. Mwana uja asakwapulidwe. Anafuna kuthandiza, ndipo wolakwa ndi amene anasiya chingwe chili lende. Zingwe zikadalembedwa manambala nsonga zonse ziwiri, ndi kapepala ndi selotepi chabe, sizikadachitika, ndipo ntchito imeneyi sitenga ndi ola lomwe.

Mmisiri aitanidwe kabokosi kakamanunkha kupsa, kapena kakakana kuyaka ngakhale ndi chaja china chofanana mphamvu. Asapezeke wina wotsegula mkati ndi mpeni. Ndipo pomuimbira, ahedi amuuze zimene zayesedwa kale ndi manambala amene anaoneka, kuti abwere ndi chipangizo choyenera ulendo umodzi.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mitambo ikayamba kugunda kuzimitsa kokha sikokwanira. Mapulagi azulidwe kukhoma, pamodzi ndi chingwe chilichonse chochokera ku nyumba ina, monga ku ofesi ya ahedi, pakuti mphamvu ya mphezi imadzeranso m'menemo. Chingwe choterocho chisapitirirenso mamita 100 kutalika kwake. Chikaposa apo intaneti imayamba kudukaduka ngakhale kunja kuli ngwee.