Mlandu suwola, ngakhale wa kochi

Akuluakulu adati mlandu suwola. Mabungwe a zamasewero, kuphatikizapo sukulu za ukachenjede zomwe zili ndi matimu, azikumbukira mawuwa asanatume mneneri wawo ku wailesi.

Taonani za kochi Meck Mwase. Ndiye adapezera Flames malo ku mpikisano wa Afcon womwe udachitikira ku Cameroon mu January 2022. Ulendo utayandikira, bungwe la FAM lidaika Mario Marinica wa ku Romania pamwamba pake. Marinica atapezeka ndi Covid-19, Mwase ndiye adatsogolera timu tsiku lomwe tidagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri atamwetsa Gabadinho Mhango. Mu April chaka chomwecho bungwe la FAM lidamuchotsa ntchito Mwase. Iye adakamang'ala kubwalo loona milandu ya za ntchito, ndipo bwalolo lidagamula momukomera. Chigamulo chimatuluka Walter Nyamilandu atachoka kale pampando wa mtsogoleri wa FAM, moti ngongole idapeza a Fleetwood Haiya, omwe adasankhidwa mu December 2023.

Kuno ku Muloza, mnyamata wa kabaza amene amatengera okwera ku Milange adalipira ndalama yake pakhomo la vidiyo, n'kuthinana ndi anzake pabenchi, thukuta lili kamukamu, kuti aonere masewero a Zimbabwe aja. Adaona ndi maso ake. Munthu wotere sungamunyengerere ndi chikalata cha Chingerezi chozungulira. Funso lake ndi limodzi: "Nanga kochiyu walakwanji?" Ukalephera kumuyankha, ayankha yekha, ndipo yankho lakelo lifika pa Limbuli dzuwa lisanalowe.

Sukulu ya ukachenjede ndiye ili pa mpanipani woposa. Mzuzu University idakhalapo ndi timu ya Mzuni mu Super League, choncho nkhani ya kochi kusumira sukulu si loto ayi. Zitachitika, chimene ndimakana ndi mtima wonse n'kuipitsa mbiri ya munthuyo kuseri, kunong'oneza atolankhani kuti anali waulesi kapena wamwano pomwe mlandu uli kubwalo. Sukulu ilankhule ndi pakamwa pamodzi, inene poyera kuti pali kusamvana, ithokoze zomwe kochiyo adachita, zotsalazo isiyire woweruza. Kukhala chete osanena kalikonse nakonso n'kulakwa, chifukwa osewera ndi ophunzira, ndipo ayenera kumva kwa akuluakulu awo, osati pa Facebook.

Paja nkhanga zidapangana kusanapse. Kontirakiti ilembedwe momveka, malipiro akhale oyenera, ndipo munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe, monga limanenera lamulo la za ntchito la 2000.

Mayi amene amathyola tiyi ku esiteti, kapena kugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu kuti alipirire mwana fizi, amayang'ana mmene sukulu ikuchitira ndi wantchito wake, n'kuganiza za mwana wakeyo. Bwalo likagamula chipukutamisozi, sukulu ilipire msanga, iwauzenso makolo ngati ameneyu thumba lomwe ndalamazo zachokera.