"Called off", koma wacita ndani?

Ku wailesi kumene ndimathandizira, zilengezo zambiri zimabwera m'Cizungu, ine n'kumasulira omvera athu a ku Petauke ndi Nyimba. Tsiku lina ndinalandira kakuti "The meeting has been put off." Ndinalengeza kuti msonkhano wa alimi sudzacitikanso. Kumeneko kunali kulakwa. "Put off" ndi kukankhira ku tsiku lina. Kuthetseratu ndi "called off". Tsiku latsopano litafika, ena amene anandikhulupirira anakhala kunyumba.

Anzanga, mau awa tisawapeputse. Kapangidwe kake n'kosavuta: "was", "were" kapena "has been", kenaka mneni, pothera kamau kakang'ono monga "off", "down" kapena "away". Kamau kothera ndiko kanyamula nkhani. "Your application was turned down" ndiye kuti akukana. "You were turned away" ndiye kuti anakubweza pakhomo. "Laid off" ndi kucotsedwa nchito popanda mlandu, mwina kampani yasowa ndalama.

Cimene cimandivuta n'cakuti ziganizo izi zimabisa wocita. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinazolowera kumva kuti "power will be cut off", ngati malaiti amadzizimitsa okha. Cinyanja naco cimatero: "wacotsedwa", "zakanidwa".

Conco phunzirani mau awa, osati cifukwa ca mayeso a Giredi 12 cabe. Kalata ikati "turned down", mufunse kuti wakana ndani, ndipo cifukwa ciani. Munthu amene ali ndi dzina mungathe kukamuona ku ofesi yake.