Kuteteza mayina a zakudya zam'madera pambuyo pa Brexit

Mayina otetezedwa a zakudya ndi mayina omwe lamulo limalola kulembedwa pa chakudya kapena chakumwa pokhapokha ngati chapangidwa m'dera lake lenileni komanso motsata njira yovomerezeka. Mwachitsanzo, vinyo wa Champagne amayenera kuchokera kudera la Champagne ku France, ndipo Scotch Whisky amayenera kutchezedwa ku Scotland ndi kusungidwa m'migolo kwa zaka zosachepera 3. Chitetezochi chimaletsa amalonda akwina kudyera pa mbiri ya dera lomwe si lawo, koma chimangogwira ntchito m'mayiko omwe anachivomereza. N'chifukwa chake mayinawa amakhala pachiopsezo ubale wa zamalonda ukasintha.

Kutuluka kwa Britain mu EU

Britain inatuluka m'bungwe la European Union, mwachidule EU, pa 31 Januwale 2020, koma malamulo a bungweli anagwirabe ntchito m'dzikolo mpaka pa 31 Disembala 2020. Pangano lotulukira linakakamiza Britain kupitiriza kuteteza mayina omwe anali kale m'kaundula wa EU, monga Feta ndi Prosciutto di Parma. Nayo EU inasunga mayina a ku Britain monga Cornish Pasty ndi Welsh Lamb. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, England, Scotland ndi Wales ali ndi kaundula wawo, pomwe Northern Ireland ikutsatabe malamulo a EU pankhaniyi.

Vuto la mayina atsopano

Pangano la zamalonda lomwe mbali ziwirizi zinagwirizana mu Disembala 2020 silinakonze njira yoti dzina lolembetsedwa kumene mbali imodzi lizitetezedwanso mbali inayo. Choncho opanga chakudya ofuna chitetezo m'misika yonse iwiri amayenera kulembetsa kawiri. Zimenezi zimalemera kwambiri kwa alimi ndi makampani aang'ono, chifukwa zimadya nthawi ndi ndalama.

Momwe zinakhudzira South Africa

Pangano la 2016 la pakati pa EU ndi mayiko ena a m'bungwe la SADC linateteza mayina a ku South Africa monga Rooibos ndi Honeybush. Britain itatuluka mu EU, panganolo likanasiya kugwira ntchito m'dzikolo. Pofuna kupewa zimenezi, mu 2019 Britain inasainirana pangano lofanana nalo ndi mayiko a m'bungwe la SACU pamodzi ndi Mozambique. Mu 2021 dzina la Rooibos linalowanso m'kaundula wa EU, ndipo tiyiyu anakhala chakudya choyamba cha ku Africa kulembedwamo.