Nkhani mwasunga, nanga kiyi ali ndi yani?

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira zaulimi ku Ulónguè, ndipo tchuthi chikafika amakwera chapa kubwera kwathu kuno cha ku Dómuè. Mu Julayi, mphepo ili thithithi, ndinamupeza pakhonde atadzikulunga chitenje, foni yatsopano ili m'manja koma nkhope ili yakugwa. Foni yakale inali itagwera m'ngalande kudimba pamene ankathandiza mayi ake kuthirira mbatatesi. Chimene chinkamuwawa si foniyo ayi. Kwa miyezi yambiri ankasunga nkhani za chiwawu cha mbatatesi, za kasungidwe ka mbewu ndi za feteleza mu pulogalamu ina yosungira zowerenga, ndipo tsopano pulogalamuyo inkafuna imelo ndi pasiwedi.

"Amalume, imeloyo sindikuidziwa. Anandilembera ndi mnyamata wa pamsika tsiku limene ndinagula foni ija."

"Nanga pasiwedi?"

"Anati foni izikumbukira yokha."

Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Amatsegulira maakaunti anthu ambirimbiri patsiku, ambiri mwa iwo ali pa changu chothamangira galimoto, ndipo palibe amene amamupempha kuti alembe pakapepala zimene walowetsa. Titapita kukamufunafuna, anzake anati anasamukira ku Tete. Nkhani zonse zija zilipobe kwinakwake pa kompyuta ya eni pulogalamu, koma mwini wake sangazifikire. Chimanga chili m'nkhokwe, mwini munda akugona ndi njala.

Mapulogalamu amenewa ntchito yake ndi yapafupi. Mukapeza nkhani yabwino pa intaneti koma mulibe nthawi, mumaitumiza kumeneko. Pulogalamuyo imachotsa zotsatsa malonda ndi zina zodzadza patsamba, n'kusunga mawu m'foni mwanu kuti mudzawerenge ngakhale netiweki palibe. Anaipanga poganizira munthu wa mumzinda amene amawerenga ali m'sitima popita kuntchito, koma ine ndimaona kuti ofunikadi chinthuchi ndife. Pa boma netiweki ya Movitel, Vodacom ndi Tmcel imapezeka, koma mukalowa kuseri kwa mapiri mupeza anthu akukwera pachulu kuti uthenga utuluke. Cha ku Calómuè foni imatha kugwira Airtel kapena TNM ya ku Dedza. Ndiponso tonse tikukumbukira mmene intaneti ya pafoni inkadulidwira m'dziko muno pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Masiku amenewo amene anali ndi zowerenga m'foni anawerenga, ena tonse tinkangoyang'ana kagudumu kakuzungulira.

Vuto lake ndi lakuti nkhokwe imeneyi imamangidwa pabwalo la munthu wina. Pulogalamu yotchuka kwambiri pa ntchitoyi inali Pocket. Anaiyambitsa ndi Nate Weiner mu 2007, ikutchedwa Read It Later, ndipo dzina la Pocket inalitenga mu 2012. Mu 2017 inagulidwa ndi Mozilla, eni ake a Firefox. Anthu anaunjikamo nkhani zaka ndi zaka. Pa 22 Meyi 2025 Mozilla inalengeza kuti ikuitseka, ndipo pa 8 Julayi inasiyadi kugwira ntchito. Anthu anapatsidwa miyezi yochepa yotulutsira zinthu zawo zisanafufutidwe. Ina yotchedwa Omnivore inali itatsekedwa kale kumapeto kwa 2024. Instapaper, imene Marco Arment anapanga mu 2008, ilipobe, koma nayo yadutsa m'manja angapo: Betaworks inaigula mu 2013, Pinterest mu 2016, kenaka mu 2018 inakhala pansi pa kampani yakeyake. Sindikunena izi pofuna kuopseza munthu. Ndikungofuna tidziwe kuti makampani amagulitsidwa ndi kutsekedwa, ndipo uthenga wochenjeza amautumiza ku imelo imene ili pa akaunti. Ngati imeloyo ndi ya mnyamata wa pamsika, chenjezo lipita kwa iye.

N'chifukwa chake ndimati tsamba lofunika kwambiri mu pulogalamu yotere ndi lija ambiri sitilitsegula, lokhala ndi kachizindikiro konga giya ya njinga. Pa foni ya Chipwitikizi pamalembedwa Definições kapena Configurações, pa ya Chingerezi Settings. Titalephera kupeza mnyamata wa pamsika uja, ine ndi mwana wa mlongo wanga tinakhala pamkeka n'kuyamba zonse mwatsopano. Tinatsegula imelo ya dzina lake, iye mwini akulemba ndi chala chake. Pasiwedi anailemba kumapeto kwa kope lake la kusukulu, n'kuilembanso pakapepala kamene mayi ake anakaika m'chikwama momwe amasungira makadi a kuchipatala. Akatswiri ena amaletsa kulemba pasiwedi papepala, ndipo mu ofesi yodzadza anthu akunena zoona. Kumudzi kuno chotilanda akaunti kawirikawiri ndi kuiwala, madzi ndi akuba mafoni, osati munthu wofufuza m'chikwama cha mayi.

Pa nambala ya foni yobwezera akaunti tinachedwapo. Kuno kumalire ambiri tili ndi masimu awiri kapena atatu, ina ya ku Malawi yoimbira abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ina yogulira mamega otchipa sabata imeneyo. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambala ija ikhoza kupatsidwa munthu wina. Choncho tinaikapo nambala imene amalandirira ndalama, chifukwa imeneyo saitaya.

Kenaka tinaona za mamega. Foni ya Android imalola kuletsa pulogalamu iliyonse kudya mamega mwakabisira pamene simukuigwiritsa ntchito, ndipo tinatero. Tinagwirizana kuti nkhani azizitsitsa ali ku Ulónguè kumene netiweki ili yamphamvu, ndipo asanakwere chapa aziyamba wazimitsa intaneti n'kutsegula nkhani ziwiri zitatu, aone ngati zalowadi m'foni. Kambiri munthu amasunga dzina la nkhani lokha, nadzazindikira ali kale kumudzi kuti mawu ake sanatsike. Zilembo tinazikulitsa pang'ono, tsamba n'kulisandutsa lakuda kuti maso asamawawe usiku. Mauthenga a sabata ndi sabata okuuzani zoti muwerenge tinawazimitsa.

Chimene ndinaumirira kwambiri ndi batani lotulutsira zosungidwa, limene Chipwitikizi chimati Exportar. Pa Instapaper limapezeka mukalowa mu akaunti kudzera pa webusaiti yawo, ndipo limakupatsani fayilo yokhala ndi mndandanda wa nkhani zanu. Dziwani kuti fayilo yotere nthawi zambiri imasunga mitu ndi maadiresi a nkhani, osati mawu onse. Tsamba loyambirira likadzachotsedwa pa intaneti, adiresi yokha siikuthandizani. Ndiye nkhani imene mwana uja akuti adzaifuna polemba mayeso kapena popopera mankhwala kudimba, ndinamuuza kuti aziisunga ngati PDF. Mu Chrome zimatheka posankha kusindikiza tsamba kenaka kusunga ngati PDF. Fayiloyo aziika pa memori khadi, ina azitumizira mnzake wa m'kalasi. Imeneyo ndi yake, kampani itseke kapena isatseke.

Wina anena kuti zonsezi n'zochuluka kwa munthu amene akungofuna kuwerenga. Ife zinatitengera nthawi yosakwana imene mayi ake anaphikira nyemba za madzulo. Zimene anataya anazisonkhanitsa miyezi yambiri, ndi mamega ogulidwa ndi ndalama za mbatatesi, ndipo zina mwa nkhanizo sanazipezenso.

Inu aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ana a sukulu a ku Angónia ndi ku Tsangano, tsegulani tsamba la kagiya lija madzulo ano muone imelo imene ili pa akaunti yanu. Ngati si yanu, isintheni foni ikadali m'manja mwanu. Nanu anyamata ogulitsa mafoni pamsika, mukamatsegulira munthu akaunti, mulembereni imelo ndi pasiwedi pakapepala asanachoke pa benchi panu.