Si Mapiritsi a ku Kiliniki Amene Amaononga Impso

M'makomboni mwathu muli mau amene afala kwambiri masiku ano. Muwamva pa maliro, pa msika, m'minibasi ngakhalenso pakhomo pa chalichi. Anthu akuti munthu akayamba kumwa mapiritsi a shuga ndi a BP tsiku ndi tsiku, impso zake zimatha, ndipo ciwindi naco cimaola. Motero odwala ambiri amalandira mankhwala ku kiliniki, namwa mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo akayamba kumva bwino amaika botolo pamwamba pa kabati.

Mau amenewa ndi abodza, ndipo akutengera anthu kumanda nthawi yao isanakwane. Cimene cimaononga impso za munthu wa shuga ndi shuga yemweyo, pamodzi ndi BP yokwera ndi mafuta oculuka m'thupi. Anthu amaona m'bale wao amene wamwa mapiritsi zaka zisanu akutupa miyendo, nanena kuti mapiritsi ndiwo amupha. Saganiza kuti matendawo anali kudya impso zake mwakacetecete zaka zambiri iye asanapimitse n'komwe.

Matenda atatu, muzu umodzi

Impso ziwiri zimene zili kumsana kwathu ndi sefa ya magazi. M'impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, ndipo pa tsiku timasefa malita okwana 180, pafupifupi dilamu lathunthu, pakuti magazi omwewo amapitamo mobwerezabwereza. Shuga akakhala wambiri m'magazi kwa zaka, tisefa timeneti timauma ndi kubooka. BP ikakwera, magazi amafikamo mwamphamvu ngati madzi a pampopi wotseguliratu, ndipo tisefa totsala timatha msanga. Kasefa kamene kafa sikameranso.

Nanga ciwindi cikulowapo bwanji? Ambiri timadziwa kuti ciwindi cimaonongeka ndi mowa. Koma pali bvuto lina limene limagwira ngakhale amai a mvano amene sanalawepo mowa cibadwire. Thupi likamalandira cakudya coposa cimene likugwiritsa nchito, makamaka shuga, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga, mafuta amaunjikana m'ciwindi. Ciwindi ca mafuta sicimvera insulini bwino, motero cimatulutsa shuga wambiri m'magazi, ndipo shuga ameneyo amakathera ku impso. Madokotala anali kuchula matendawa kuti NAFLD, koma kuyambira mu 2023 amawachula MASLD. Mukaona zilembo zimenezi pa pepala lanu la sikani, dziwani kuti akunena mafuta a m'ciwindi.

Ofufuza apeza kuti oposa theka la anthu amene ali ndi shuga wa akuluakulu alinso ndi mafuta m'ciwindi, ndiponso kuti munthu wa ciwindi ca mafuta amadwala impso mosabvuta kuposa mnzake. Matendawa si a azungu okha ai. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'Zambia mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera. Anthu amenewa ali m'nyumba zathu ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika.

Impso sizilira msanga

Cobvuta n'cakuti impso ndi ciwindi sizipweteka pamene zikuonongeka. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso zake akupitabe kunchito bwinobwino. Kutupa kwa mapazi ndi nkhope, kuyabwa kwa thupi, mseru ndi kufooka zimabwera mocedwa kwambiri. Pamenepo madzi atayika kale, ndipo saoleka.

N'cifukwa cake munthu aliyense wa shuga ayenera kupimitsa impso kamodzi pa caka, ngakhale akumva bwino. Mapimidwe ake ndi awiri. Coyamba ndi mkodzo, kuona ngati muli mapuloteni amene akudontha kupyola m'tisefa tobooka. Mkodzo wocita thobvu lambiri nthawi zonse ungakhale cizindikiro cake. Caciwiri ndi magazi, kumene amayeza creatinine ndi kuwerengera nambala yochedwa eGFR. Nambala imeneyi ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiye kuti impso zadwala. Ikafika pansi pa 15, impso zatsala pang'ono kuleka. Funsani nambala yanu, ndipo muilembe m'kabuku kanu ka kucipatala. Pemphaninso kuti akupimeni ciwindi. Safunsa anadya phula.

Mankhwala amene tili nao kale

Mapiritsi monga enalapril ndi losartan ambiri timawadziwa ngati a BP cabe. Komatu nchito yao ina ndi kucepetsa mphamvu ya magazi m'kati mwa tisefa ta impso, kuti mapuloteni aleke kudontha. Izi zinatsimikizika kalekale: mu 1993 ndi captopril, m'bale wake wa enalapril, ndipo mu 2001 ndi losartan. Dokotala akakupatsani amodzi mwa amenewa pamene BP yanu si yokwera kwambiri, musaganize kuti wasokonezeka. Akuteteza impso zanu.

Mukangoyamba kumwa, nambala ya impso ikhoza kutsika pang'ono. Ena akaona zimenezi amacita mantha naleka. Kutsika kwapang'ono kumeneko kumayembekezeka, pakuti tisefa tayamba kupumula, ndipo m'kupita kwa zaka impsozo zimakhalitsa kuposa za munthu wosamwa. Cofunika ndi kubwerera kukapimitsa magazi pakapita milungu iwiri mpaka inai. Enalapril amayambitsa cifuwa couma kwa ena. Zikatero kanenani, akusinthireni losartan. Musamwe awiriwa pamodzi, ndipo mai wapakati kapena wofuna kutenga pakati asamwe n'komwe, pakuti amabvulaza mwana.

Metformin naye amanamiziridwa kwambiri. Mankhwalawa saononga impso. Nkhani ndi yakuti amatuluka m'thupi kudzera m'impso, motero impso zikafooka amaunjikana. Ndiye cifukwa dokotala amacepetsa mlingo eGFR ikatsika pansi pa 45, ndi kuleketsa ikafika pansi pa 30. Mapiritsi ocepetsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin, nawonso saletsedwa kwa munthu wa ciwindi ca mafuta. Amathandiza, pakuti odwala otere ambiri amafa ndi mtima kapena sitiroko impso zisanalekeretu.

Mankhwala atsopano

M'zaka zaposacedwa kwabwera gulu lina la mapiritsi, monga dapagliflozin ndi empagliflozin, omwa limodzi pa tsiku. Amacititsa impso kutaya shuga mu mkodzo, amapeputsa nchito ya tisefa, amathandiza mtima wofooka, ndiponso amacepetsako thupi ndi mafuta a m'ciwindi. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 4,304 odwala impso. Kwa amene anamwa dapagliflozin, ngozi yakuti impso zifooke kwambiri, zileke kugwira nchito, kapena munthu afe ndi impso kapena mtima, inatsika ndi 39 peresenti poyerekeza ndi anzao. Mu 2021 bungwe la WHO linaika gulu limeneli pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kukhala nao.

Bvuto lao lodziwika ndi kuyabwa kumalo obisika, pakuti mkodzo umakhala ndi shuga. Ukhondo umathandiza, ndipo kuyabwako kumacizika.

Palinso jekeseni wobaya kamodzi pa mlungu wochedwa semaglutide. Ameneyu amagwira matenda onse atatu: amatsitsa shuga, amacepetsa thupi, ndipo mu 2024 anaoneka kuti amacepetsa ngozi ya kuonongeka kwa impso ndi 24 peresenti kwa odwala shuga. Mu 2025 dziko la America linamubvomereza pa matenda a mafuta a m'ciwindi amene afika pa zipsera, ndipo caka comweco WHO inamuika pa mndandanda wake. Koma ndi wokwera mtengo, ndipo mu 2024 WHO inacenjeza kuti kuli ena acinyengo amene akugulitsidwa. Musagule jekeseni ameneyu kwa anthu a pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Amene amaonongadi impso

Kunena zoona, mantha a anthu ali ndi poyambira. Alipo mankhwala amene amabvulaza impso, koma cozizwitsa n'cakuti ndi omwe timawakhulupirira. Brufen, diclofenac ndi Indocid timagula pa kantemba ngati maswiti. Agogo akamva maondo, amwa. Abambo akamva msana pocokera kunchito, amwa awiriawiri mwezi wathunthu. Mapiritsi amenewa amacepetsa magazi opita ku impso, ndipo kwa munthu wa shuga amene akumwanso enalapril ndi oopsa ndithu. Panadol ndiye wabwinoko, malinga musapyole mlingo ndipo musaphatikize ndi mowa, pakuti akaculuka amaononga ciwindi.

Enanso ndi mabotolo ndi timapaketi timene amayenda nato m'misika, akuti n'totsuka impso ndi ciwindi. Palibe amene adziwa zimene zili m'kati, ngakhale wogulitsayo. Impso si poto wakuti mukwecese ndi mcenga. Ziwalo ziwiri zimenezi ndizo zimalandira ciliconse cimene mwameza, ndipo zikakhala zodwala kale, mankhwala osadziwika angazimalize. Ngati mukumwa ena acikuda, uzani anamwino mosabisa.

Pali zina zitatu zoti banja lonse lidziwe. Wodwala akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, thupi limauma, ndipo metformin, enalapril, losartan ndi dapagliflozin angafunike kuimitsidwa masiku ocepa. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo kuti akakuuzeni zocita. Caciwiri, glibenclamide amakhalitsa m'thupi la munthu wa impso zofooka, ndipo angatsitse shuga mpaka munthu kukomoka, makamaka okalamba. Cacitatu, amene akumwa ma ARV auze onse owaona, a ku ART ndi a ku shuga omwe. Tenofovir wa mu TLD amafuna kuti impso zizipimidwa, ndipo dolutegravir amakweza mphamvu ya metformin. Musaleke ma ARV. Madokotala ali ndi njira yosinthira.

Pempho kwa akuluakulu

Impso zikalekeratu, cotsala ndi makina osefa magazi, kawirikawiri katatu pa mlungu, maola anai nthawi iliyonse, kwa moyo wonse. Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu zokha, ndipo banja limathera ndalama pa mayendedwe pamene wodwalayo waleka nchito. Cipatala ca UTH ku Lusaka cinaika impso ya munthu wina mwa wodwala kwa nthawi yoyamba mu 2018, ndipo tiyenera kunyadira. Koma ndi angati amene angapeze mwai wotere?

Ndalama zosefera magazi a munthu mmodzi zikhoza kugulira mapiritsi anthu ambiri amene impso zao zikali kugwira nchito. Motero tikupempha a Unduna wa Zaumoyo, a ZAMMSA amene amagula ndi kugawa mankhwala a boma, ndi a NHIMA amene timasonkhako mwezi ndi mwezi, kuti ayang'ane kumayambiriro kwa matendawa. Kiliniki iliyonse ya m'komboni ikhale ndi zopimira mkodzo. Enalapril, losartan ndi metformin asamasowe, pakuti mankhwala omwa mwezi uno ndi kuleka mwezi wamawa sateteza kanthu. Dapagliflozin kapena empagliflozin afike m'zipatala za m'maboma pa mtengo umene wogulitsa tomato pa msika angakwanitse. Makhansala ndi a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu afunseni zimenezi pa misonkhano.

Mbali ya pakhomo

Mapiritsi sagwira nchito okha. Mankhwala aakulu a ciwindi ca mafuta akali kucepetsa thupi. Munthu wa makilogalamu 80 akataya 6 mpaka 8, mafuta ndi kutupa kwa ciwindi zimacepa kwambiri. Cepetsani saladi m'ndiwo, shuga mu tiyi, zakumwa za m'mabotolo, vitumbuwa ndi chipisi. Mitanda ya nsima icepe, ndiwo zamasamba monga cibwabwa, kalembula ndi bondwe ziculuke, koma amene impso zao zafooka kwambiri ayambe afunsa kucipatala za zakudya zowayenera. Mcere usapyole kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Mowa, kaya wa m'botolo, Chibuku kapena kacasu, ndi mdani wa ciwindi codwala. Yendani pansi mphindi 30 masiku ambiri a mlungu.

Inu amai, inu abambo, ndi inu ana amene mukusunga makolo: tsitsani botolo lija pamwamba pa kabati, mulitenge pamodzi ndi mapiritsi onse a m'nyumba, ogula pa kantemba ndi acikuda omwe, mupite nao ku kiliniki mlungu uno. Kafunseni kuti akupimeni mkodzo ndi magazi, ndipo akuuzeni oyenera kumwa ndi oyenera kutaya. Nthawi yabwino yotetezera impso ndi ino, pamene mukali kumva bwino.